Mwayamba geni muli atatu: mwini wake ndani? Za masheya, alangizi ndi zomwe zinachitika pa Mandala

Mafunso awiri amabwera kawirikawiri mu inbox yanga kuchokera kwa achinyamata a muno mu Blantyre. Loyamba: "Tilipo atatu, tayamba geni, tigawane bwanji?" Lachiwiri: "Ndingampeze kuti munthu wodziwa bizinesi woti azindilangiza?" Ndaganiza zoyankha onse pamodzi, kuti mungosunga nkhaniyi n'kumaibwerera. Ine si loya, ndiye pofika posaina mapepala mudzafunebe loya. Koma musanafike kumeneko pali zinthu zoti muzidziwe nokha.

Tiyambire pa Mandala pomwepa.

Mu 1878 amalonda ena a ku Glasgow, ku Scotland, anasonkherana ndalama n'kutsegula kampani yotchedwa Livingstonia Central Africa Company, yomwe kenako inadziwika kuti African Lakes Company. Mmodzi mwa eni ndalamawo anali James Stevenson, amene dzina lake linaperekedwa kwa msewu wakale wa Stevenson kumpoto uko. Koma amene anabwera kuno kudzagwira ntchitoyo anali anyamata awiri apachibale, John ndi Frederick Moir, onse awiri ngati mamanijala. John ankavala magalasi a maso, ndipo anthu ataona kunyezimira kwake anayamba kumutchula kuti Mandala. Dzinalo linamatirira pa iye, pa sitolo zonse za kampaniyo, pa nyumba ya 1882 ija yomwe idakalipo mpaka lero, ndi pa dera lonseli.

Ndiye mukanafunsa munthu wa nthawi imeneyo kuti kampaniyi ndi yandani, akanakuyankhani kuti ndi ya Mandala. Koma ayi ndithu. Mawu omaliza anali ndi eni masheya. Kuyambira 1887 mpaka 1889 kampaniyo inamenya nkhondo ndi Mlozi ku Karonga, abale awiri aja onse anavulala, ndipo ndalama zinatheratu. Apa m'pamene Cecil Rhodes ndi British South Africa Company yake analowa ndi ndalama zawo n'kutenga ulamuliro. Pofika m'ma 1890 malo aakulu amene kampaniyo inkati ndi ake kumpoto anali atapita m'manja mwa kampani ya Rhodes, ndipo John Moir anakathera ku munda wa Lauderdale ku Mulanje. Sindikuwamvera chisoni kwenikweni, malowo anali a makolo athu ndipo momwe anawapezera ndi nkhani ina yowawa. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti munthu amene dzina lake lili pachikwangwani, amene anakhetsa thukuta ndi magazi, si iye amene amalamula ngati pepala la masheya likunena zina. Ndipo tsiku lomwe ndalama zatha ndi lomwe umwini umasintha manja.

Mwalembetsa chiyani kwenikweni?

Ambiri mukati "tinalembetsa bizinesi" mumatanthauza kuti munalembetsa dzina basi. Ku ofesi yolembetsa mabizinesi kuli njira zosiyana, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Mukalembetsa dzina la bizinesi pansi pa Business Registration Act ya 2012 m'dzina la munthu mmodzi, pamaso pa lamulo bizinesiyo ndi ya iyeyo yekha, enanu ndinu ongothandiza, kaya munasonkha zingati. Mukalembetsa ngati partnership, nonse ndinu eni, koma ngongole ya bizinesi ndi ngongole yanu inuyo panokha: mnzanu akakongola m'dzina la bizinesi n'kulephera kubweza, atha kudzanyamula firiji ya kwanu. Komanso ngati simunalemberane china chilichonse, lamulo la partnership limatenga kuti phindu mugawana mofanana, ngakhale wina anaika zambiri.

Njira yachitatu ndi kampani ya Limited, pansi pa Companies Act ya 2013. Apa kampani imakhala ngati munthu payokha, ili ndi katundu wake ndi ngongole zake, ndipo umwini umawerengedwa m'masheya. Ngati muli awiri kapena kuposa apo ndipo mukuona kuti geniyi ikula, ine ndimati pitani pamenepa. Pamakhala mapepala ambiri, ndi zoona, ndipo TPIN ya ku MRA simungaithawe. Koma ndi njira imene imalola kuti "gawo langa" likhale nambala yolembedwa, osati zokumbutsana pa bawo.

Za 50-50

Anthu amakonda kugawana pakati mpakati chifukwa n'zosachititsa manyazi. Palibe amene amafuna kuuza mnzake amene anakulira naye limodzi ku Ndirande kuti "aise, iwe utenge zochepa." Noam Wasserman, amene anaphunzitsa ku Harvard Business School n'kulemba buku la The Founder's Dilemmas mu 2012, anapeza kuti pa magulu 100 alionse a oyambitsa makampani amene anawafufuza, 73 anagawana umwini mwezi woyamba usanathe. Mwezi woyamba! Nthawi imeneyo simunadziwe n'komwe amene adzadzuke 4 koloko m'mawa kukapikula katundu ku Limbe ndi amene adzangotumiza ma voice note.

Kugawana mofanana si tchimo, ngati mwakambirana n'kupeza kuti mukubweretsadi zofanana. Vuto ndi kugawana mofanana pothawa kukambirana. Komanso 50-50 ili ndi msampha wake: mukasemphana maganizo, palibe wopambana voti, ndipo bizinesi imaima ngati minibasi yopanda mafuta pa Chipembere Highway. Ngati mwasankha 50-50, lembani pomwepo amene adzakhale ndi mawu omaliza pa nkhani ziti, kapena munthu wachitatu amene nonse mumamukhulupirira woti adzakuweruzeni.

Pokambirana, ikani patebulo zinthu izi chimodzichimodzi. Ndalama zomwe aliyense waika. Nthawi: wina wasiya ntchito kuti akhale pa shopu tsiku lonse, wina ali pa ntchito ku banki amangobwera Loweruka. Zipangizo: laputopu, kamera, makina osokera, galimoto. Luso, komanso makasitomala amene munthu wabwera nawo. Ganizo lokha, lija loti "ine ndi amene ndinayambitsa nkhaniyi", ndimaliona kuti limayenera kagawo kochepa kwambiri. Maganizo ali mbwee mu tauni muno. Osowa ndi anthu owagwirira ntchito.

Pa ndalama pali chinthu chathu chathu cha ku Malawi kuno. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Ndiye K1 miliyoni ya munthu amene anaika kugwaku kusanachitike si yofanana ndi K1 miliyoni ya amene anabwera pambuyo pake. Lembani tsiku lomwe ndalama iliyonse yalowa. Ndipo gwirizanani momveka bwino: ndalamayi ikugula masheya, kapena ndi ngongole yomwe kampani idzabweze? Mikangano yambiri yomwe ndamvapo imachokera pomwepa, wina akuti "ndinabwereketsa", wina akuti "unalowa nayo m'bizinesi".

Masheya azibwera pang'onopang'ono

Ichi ndiye chomwe ndikufuna musaiwale ngakhale mutaiwala zina zonse. Makampani atsopano a ku America ndi kwina amagwiritsa ntchito njira yotchedwa vesting. Tanthauzo lake n'losavuta: masheya ako alembedwa, koma amasanduka akoako pang'onopang'ono ukamagwira ntchito. Chizolowezi chake ndi zaka zinayi, ndipo chaka choyamba chisanathe sutenga kanthu.

Tiyerekeze. Kampani yanu ili ndi masheya 1,200. Wina watenga 480, wina 420, wachitatu 300, ndiye kuti 40, 35 ndi 25 peresenti. Wa 480 uja, pa miyezi 48, akupeza masheya 10 mwezi uliwonse. Akachoka mwezi wachisanu ndi chitatu chifukwa wapeza ntchito ku Lilongwe, amachoka chimanjamanja, kupatula ndalama yomwe anabwereketsa ngati ilipo. Akachoka patatha miyezi 18 kupita ku Joni, amapita ndi masheya 180, ndipo 300 otsalawo amabwerera. Popanda pangano lotere, amapita ndi 40 peresenti yonse, ndipo inu otsala mudzakhala mukugwirira ntchito munthu amene akungoika zithunzi pa status ali ku Johannesburg. Izi sizilowa zokha m'mapepala a kampani. Muyenera kuzilemba m'pangano la eni masheya, ndipo apa m'pamene ndalama ya loya imakhala yosalira nayo.

Wothawa msanga nayenso amaluza, osaiwala. Apple itayamba pa 1 April 1976, Steve Jobs ndi Steve Wozniak anatenga 45 peresenti aliyense, Ronald Wayne n'kutenga 10. Inali partnership, ndipo Wayne, pokhala wamkulu komanso wokhala ndi katundu, anaopa kuti ngongole za anyamatawo zidzagwera iye. Patangopita masiku 12 anasiya gawo lake n'kulandira madola 800.

Wina akabwera ndi mpamba

Tibwerere ku masheya 1,200 aja. Amalume ena a ku Namiwawa akufuna kuika ndalama kuti atenge 20 peresenti. Kampani ipanga masheya atsopano 300, onse pamodzi akhala 1,500. Wa 480 uja tsopano ali ndi 32 peresenti, wa 420 ali ndi 28, wa 300 ali ndi 20. Palibe amene walandidwa sheya ngakhale imodzi, koma gawo la aliyense latsika. Zimenezi n'zabwinobwino ngati ndalamayo ikukulitsa bizinesi ndipo nonse mwavomera. Zimaipa zikachitika mseri, kapena gawo la mmodzi yekha likatsika enawo osakhudzidwa. Mkangano wa Eduardo Saverin ndi Mark Zuckerberg ku Facebook, womwe unafika kukhoti, unali wa zomwezi.

Manambala awiri muwasunge m'mutu. Woposa 50 peresenti amapambana mavoti a masiku onse. Koma zosankha zikuluzikulu, monga kusintha malamulo oyendetsera kampani, zimafuna 75 peresenti, kutanthauza kuti munthu wokhala ndi 26 peresenti akhoza kuziletsa yekha. Musanapereke gawo kwa aliyense, werengani kaye kuti mphamvu zitsala ndi ndani.

Ndiye pali tinthu tomwe timaoneka tating'ono. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yomwe makasitomala amalipirirapo inalembetsedwa pa chiphaso cha ndani? Tsamba la Facebook ndi akaunti ya TikTok, admin wake ndani? Kubanki amasaina ndi angati? Pa geni zambiri za achinyamata, chuma chenicheni ndi nambala ya WhatsApp yomwe makasitomala anaisunga. Wogwira foniyo akakwiya, wapita ndi bizinesi yonse, kaya inu muli ndi masheya angati.

Mlangizi mumupeza kuti?

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma si wamkulu aliyense amene angakuthandizeni pa bizinesi, ndipo si aliyense wovala suti pa Facebook amene anagulitsapo kanthu. Mlangizi wabwino kwa inu ndi munthu amene ali patsogolo panu ndi zaka zisanu kapena khumi pa ntchito yofanana ndi yanu. Ngati mukugulitsa zovala, mayi amene wakhala akuitanitsa mabelo ku Limbe kwa zaka 15 akudziwa zambiri za geni yanu kuposa bwana wa kampani yaikulu ya pa Victoria Avenue.

Malo okhazikika aliponso. MCCCI, bungwe la amalonda, lili pa Trade Fair ku Chichiri, ndipo chionetsero cha zamalonda cha chaka ndi chaka ndi mpata wokumana ndi eni mabizinesi maso ndi maso. Ku MUBAS, yomwe kale inali Poly, kuli UniPod yomwe anaikhazikitsa mothandizidwa ndi UNDP. Atsikana ndi amayi, kuli NABW, yomwe Joyce Banda anaiyambitsa mu 1990. Ku Lilongwe kuli mHub ya Rachel Sibande, ndipo kumpoto kuli Mzuzu E-Hub. Pa intaneti, pologalamu ya Tony Elumelu Foundation, yomwe inayamba mu 2015, imatenga achinyamata a mayiko onse a mu Africa, imapereka maphunziro, alangizi ndi madola 5,000 kwa osankhidwa. Kulembetsa kumatsegulidwa kumayambiriro a chaka ndipo n'kwaulere. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti akulowetseni, ameneyo ndi wakuba.

Pofikira munthu, musalembe kuti "Bwana, khalani mentor wanga." Uthenga wotere sayankha, chifukwa sakudziwa kuti mukumupempha chiyani. Lembani chonchi: "Mayi, pepani kukuvutitsani. Timaphika makeke ku Chilomoni, takwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Sitolo ina ikufuna tizipereka pangongole ya masiku 30. Kodi mungatipatseko mphindi 15 mutiunikire?" Funso limodzi, lomveka, ndi nthawi yochepa. Mukapita, fikani pa nthawi yake, nyamulani kope la malonda anu, ndipo musapemphe ndalama. Pakatha milungu iwiri abwezereni uthenga wowauza zomwe munachita ndi malangizo aja. Anthu ambiri amalephera pomwepa, ndipo amene amabweza uthengawo ndi amene amaitanidwanso.

Kodi mlangizi apatsidwe masheya? Nthawi zambiri ayi. Kuthokoza, kumutumizira makasitomala, ndi kumupatsa ulemu wake n'kokwanira. Kumene makampani amapereka masheya kwa alangizi, chizolowezi chake ndi kagawo kosapitirira 1 peresenti, nakonso kobwera pang'onopang'ono. Munthu akakuuzani kuti "ndipatseni 20 peresenti ndikutsegulirani zitseko", mufunseni kuti zitseko zake ndi ziti, ndipo lembani kuti masheyawo adzabwera zikatsegukadi. Amene waika ndalama zake n'kumabwera kudzagwira ntchito, monga Mike Markkula anachitira ku Apple mu 1977, ameneyo ndi mwini mnzanu, ndipo ayenera kulowa m'pangano lija ngati wina aliyense.

Chomaliza, chomwe achinyamata safuna kuchimva. Masheya ndi katundu, ndiye mwini wake akamwalira amalowa m'chuma chamasiye, ndipo amagawidwa motsata wilu kapena lamulo la Deceased Estates la 2011. Mutha kudzuka tsiku lina mnzanu wa pa bizinesi ali mkazi wa malemu, kapena abale ake amene sanapondepo pa shopu. M'pangano lanu muikemo ndime yonena kuti zikatero otsala ali ndi mwayi woyamba wogula masheyawo, mtengo wake udzawerengedwa bwanji, ndipo banja lidzalipidwa pa miyezi ingati.