Kodi anayamba ndani kupima matenda a beringi?

FUNSO: Amakaniko akwathu amagunditsa sikuludiraiva pa mota ya chigayo, chogwirira chake n'kuika kukhutu, kenako n'kunena kuti beringi yatha. Ndamva kuti m'mafakitale muli makina ozindikira vutoli beringi isanayambe n'kulira komwe. Nzeru imeneyi inachokera kuti? Wowerenga wa ku Kasungu.

YANKHO: Amakanikowo musawaderere, akulu. Makinawo amachita zomwezo, kungoti iwo amawerenga pamene khutu limangomva.

M'kati mwa beringi muli timipira tachitsulo toyenda pakati pa mphete ziwiri. Mphete ikakumbika pang'ono, kampira kalikonse kodutsa pokumbikapo kamagogoda, ndipo kugogodako sikuchitika mwachisawawa ayi. Tengani beringi ya 6205 ya timipira 9, pa mota yozungulira ka 25 pa sekondi. Chilema chikakhala pa mphete yakunja, kugogoda kumachitika pafupifupi ka 90 pa sekondi. Chikakhala pa yam'kati, ka 135. Nambalayo ndiyo imaulula pomwe pawonongeka, musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe.

Nanga mwini wake wa nzeruyi ndani? Alipo angapo, ndipo oyambirirawo za beringi sankazilota n'komwe. Joseph Fourier wa ku France, m'buku lake la mu 1822 lonena za kutentha, anasonyeza masamu olekanitsira mafunde osakanikirana kuti lililonse lioneke palokha. Mu 1880 Pierre Curie ndi mkulu wake Jacques anapeza kuti miyala ina, monga quartz, imatulutsa magetsi ikafinyidwa. Tizipangizo tambiri tomwe amamata pa makina kuti timve kunjenjemera timadalira zimenezo. Masamu a Fourier aja anali otopetsa kuwerengera mpaka mu 1965, pamene James Cooley ndi John Tukey a ku America anafalitsa njira yachidule yoti kompyuta iziwachita mwachangu.

Koma panali patatsala chovuta china, ndipo kwa ine apa ndiye pagona nkhani. Chilema chikangoyamba kumene, kugogoda kwake kumakhala kochepa kwambiri moti kumamira m'phokoso la magiya, malamba ndi mota yomwe. Akatswiri anazindikira kuti kugogoda kulikonse kumaliritsa chitsulo chonse ngati belu, ndi mawu okwera kwambiri omwe phokoso linalo silifikako. Choncho anayamba kusefa mawu okwerawo okha, n'kuwerenga kuti beluyo akulira kangati pa sekondi. Njirayi, yotchedwa envelope analysis, inakhwima m'zaka za m'ma 1970 ku America, makamaka poyesa maberingi a mahelikopita a asilikali, poti m'mwamba mulibe poimitsa ndege kuti mumvetsere. Pa nthawi yomweyo ku Sweden kampani ya SPM Instrument, yomwe inayamba mu 1970, inkagulitsa zida zake zomvera kugogoda komweko.

Sikuludiraiva ikamamva kulira, beringi imakhala itapita kale patali. Makinawa amachenjeza msanga, mwina kutatsala milungu kapena miyezi, mwini fakitale n'kuitanitsa ina ntchito isanaime.