Kuchokera ku Kaliwo Kufika ku Batire: Mbiri ya Zipangizo Zosutira Fodya pa Msewu wa Chinyunyu

Chinyunyu ndi dera la m'boma la Rufunsa, m'chigawo cha Lusaka ku Zambia, ndipo apaulendo ambiri amalidziwa chifukwa cha akasupe a madzi otentha amene amatumphuka m'mbali mwa Great East Road, msewu umene umachoka mumzinda wa Lusaka, n'kuwoloka mtsinje wa Luangwa, n'kudutsa pa Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata mpaka kukafika pachipata cha Mwami m'malire a Malawi. Eni nthaka ndi Asoli a kwa Mfumu Bunda Bunda, ngakhale kuti pamalonda ndi pamsewu Chinyanja chimamveka kwambiri, ndipo boma la Rufunsa palokha ndi latsopano, pakuti linapatulidwa ku Chongwe mu ulamuliro wa Pulezidenti Michael Sata. Derali silitchuka ndi ulimi wa fodya monga zitchukira Chipata, Kasungu kapena Lilongwe, popeza anthu ake amadalira kwambiri chimanga ndi makala amene amandandalikidwa m'matumba m'mphepete mwa msewu. Komabe mbiri ya fodya sinalilambalale, chifukwa kwa zaka zambiri msewuwu wakhala ukunyamula tsamba kuchokera kummawa kupita ku Lusaka, n'kumabweza ndudu zopangidwa kale kuchokera mumzinda kupita kumidzi. Mbiri imeneyi imamveka bwino ikalondoledwa kudzera m'zipangizo zosutira, pakuti chipangizo chilichonse chimaulula amene amachipanga, amene amapindula nacho, ndiponso chimene chimatsala pansi chikatha ntchito.

Fodya si mbewu ya kuno ku Africa. Kwawo ndi ku America, ndipo anawoloka nyanja ndi amalinyero a ku Ulaya pambuyo pa chaka cha 1492, kenaka n'kulowa mkati mwa Africa potsata njira za malonda, kuphatikizapo chigwa cha Zambezi kumene Apwitikizi anali ndi misika ku Sena, ku Tete, ndipo m'zaka za m'ma 1700 ku Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi moyang'anizana ndi Feira, tauni imene lero imatchedwa Luangwa. Achewa ndi Ashona amati fodya, liwu limene akatswiri ena a zinenero amaligwirizanitsa ndi liwu la Chipwitikizi lotanthauza tsamba, pamene Abemba amati fwaka, Atonga a ku Zambia amati tombwe, Ayao amati sona ndipo Atumbuka amati hona. Kuchuluka kwa mayinaku kukusonyeza kuti mbewuyi inazika mizu kalekale pakati pa mitundu ya kuno, mwakuti mibadwo yotsatira inkaiona ngati ya makolo.

Mwini fodya ankamubzala pakamunda kakang'ono kuseri kwa nyumba, kawirikawiri pachulu kapena pamalo pamene panali khola, chifukwa mbewuyi imafuna nthaka yachonde. Masamba akakhwima ankawathyola n'kuwayanika, kenaka n'kuwapota ngati chingwe chokulunga monga nkhata, kapena kuwasinja mumtondo n'kuwaumba mibulu yosungika nthawi yaitali. Kaliwo, chomwe ndi chipangizo chakale chosutira, anali ndi zigawo ziwiri zokha: kambiya kadothi koumba ndi kuwotcha monga mphika, ndi bango kapena kamtengo kobowola pakati kokokera utsi. Bango likang'ambika munthu ankadula lina kudambo, kambiya kakasweka ankaumba kena, ndipo chikonga, utomoni wakuda wowawa umene umakanirira m'njira ya utsi, ankachikolopola ndi kaudzu. Liwu lomweli la chikonga ndi limene lero limatanthauzanso nicotine, mankhwala a m'fodya amene amayambitsa chibaba. Atonga a m'chigwa cha Zambezi anali ndi kaliwo wa mphonda yothiramo madzi, kuti utsi uzizire usanafike kukhosi. Amayi achikulire ndi madoda ambiri ankakonda fodya wofwenkha, amene ku Zambia amadziwika kwambiri kuti nsunko, wopera bwino n'kusakaniza ndi phulusa limene limathandiza chikonga kulowa msanga m'thupi, ndipo ankamusunga m'kansupa kapena m'kanyanga. Munthu ankagogoda kansupako pachikhatho, n'kutsina pang'ono ndi zala ziwiri, n'kupatsira mnzake wokhala naye pamphasa, ndipo mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, unabadwira pamchitidwe umenewu. Sikuti fodya wa makolo analibe poizoni, pakuti utsi wake unkawononga chifuwa monga uwonongera lero, koma chofunika kuchiona n'chakuti mbewu, dothi, bango ndi moto, zonse zinali m'manja mwa wosutayo, ndipo mwambo unkaletsa mwana kusuta pamaso pa akulu.

Zinthu zinatembenuka fodya atasanduka mbewu yogulitsa kunja. Ku Nyasaland, kumene lero ndi ku Malawi, John Buchanan ndi abale ake anayamba kulima fodya wa Virginia cha m'ma 1889, woyamba kutumizidwa kunja anachoka m'dzikomo mu 1893, ndipo mu 1908 kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe. Ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, azungu a minda anayamba kulima fodya nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke, pa nthaka imene yambiri inali m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, ndipo mitengo itakwera m'zaka za m'ma 1920 alimi anachuluka kufikira msika utagwa mu 1928. Masiku amenewo mabelo a ku Fort Jameson ankalowera kummawa, kudzera ku Nyasaland kukakwera sitima ya pamtunda, chifukwa mapiri ndi chigwa cha Luangwa zinkatsekereza njira ya kumadzulo. Likulu la Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia, litasamukira ku Lusaka mu 1935, ndiponso mlatho wa makono wa pa Luangwa utatsegulidwa mu 1968, msewu wodutsa pa Chinyunyu unasanduka mtsempha wa malonda, ndipo mpaka lero magalimoto a mabelo amadutsa pamenepa kupita ku mafakitale a ku Lusaka monga Tombwe Processing.

Ndudu ya m'fakitale, imene inatchipa chifukwa cha makina opichira amene James Bonsack anapanga ku America cha m'ma 1880, inali chipangizo chosutira chogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Wosuta sankafunikanso luso lililonse koma ndalama ndi machesi, ndipo pakantemba ankatha kugula ndudu imodzi yokha, zimene zinachititsa kuti ngakhale mnyamata wa ndalama zochepa aikwanitse. Osauka sanausiye fodya wa kumunda: anapitiriza kupichira chingambwe, amene ku Zambia amati balani, m'kapepala ka nyuzipepala kapena m'khoko la chimanga. Kuipa kwa utsi kunatsimikizika pang'onopang'ono, kuyambira pa kafukufuku wa Richard Doll ndi Austin Bradford Hill wa mu 1950 wosonyeza mgwirizano wa kusuta ndi khansa ya m'mapapo, kufikira pa lipoti la mkulu wa zaumoyo ku America la mu 1964, chaka chomwe Zambia ndi Malawi zinalandira ufulu. Pangano la bungwe la WHO lochepetsa fodya linayamba kugwira ntchito mu 2005, Zambia inalivomereza mu 2008, chaka chomwe inaletsanso kusuta pamalo a anthu ambiri, pamene Malawi, amene chuma chake chatsamira pa fodya, anachedwa mpaka 2023.

Ndudu yamagetsi, imene ambiri amangoti vape, inabwera ndi lonjezo lakuti munthu angathe kupeza chikonga popanda kuwotcha tsamba. Herbert Gilbert wa ku America analembetsa ganizo lotere mu 1963 koma silinafike pamsika, ndipo amene anachita kuti litheke ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China amene bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Iye analembetsa chipangizo chake mu 2003 ndipo chinayamba kugulitsidwa mu 2004. Mu 2013 umwini wa luso la Hon Lik unagulidwa ndi nthambi ya Imperial Tobacco, kampani yomwe ija inatsegula fakitale ku Limbe, ndipo mfundo imeneyi yokha ndi yokwanira kuchenjeza aliyense woganiza kuti malonda atsopanowa ali kutali ndi eni fodya akale. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva: batire limatenthetsa kawaya kopota kotchedwa koyilo, kawayako kamakhudzana ndi thonje lonyowa ndi madzi apadera, ndipo madziwo, amene ndi msanganizo wa propylene glycol, glycerine, zonunkhiritsa ndi chikonga, amasanduka nkhungu imene munthu amakokera m'mapapo. Nkhungu imeneyi si nthunzi ya madzi wamba monga imafuka pa akasupe a Chinyunyu, ngakhale otsatsa malonda amakonda kuti anthu aziganiza choncho.

Pod ndi kabotolo kakang'ono ka pulasitiki kokhala ndi madziwo pamodzi ndi koyilo, kamene kamalumikizidwa pamwamba pa chigawo chokhala ndi batire. Mtundu umenewu unatchuka ndi Juul, imene inatuluka ku America mu 2015 ndi chikonga chosakaniza ndi asidi wa benzoic kuti chisakande kukhosi, mwakuti munthu ankatha kukoka chochuluka, mpaka mamiligalamu 59 pa mililita imodzi, osatsokomola. Malamulo a European Union ndi a ku Britain amalola mamiligalamu 20 okha ndi kabotolo kosapitirira mamililita 2. Ma pod a Juul anali otseka, akatha n'kutaya, koma mafakitale a ku Shenzhen ku China, kumene ma vape ambiri a padziko amapangidwa, anatulutsa ena otsegula, amene mwini wake amavundukula kachitseko ka labala, n'kuthiramo madzi kuchokera m'botolo logula padera, n'kudikira kuti thonje linyowe asanayambe kukoka, chifukwa akapupuluma thonjelo limapserera ndipo koyilo imawonongeka. Zina mwa zipangizozi zili ndi batire lochotseka, kawirikawiri la lithium la mtundu wa 18650, dzina lochokera pa muyeso wake wa mamilimita 18 m'lifupi ndi 65 m'litali, kotero kuti likafooka mwini amagula batire lokha osati chipangizo chonse. Kufunika kwa zimenezi kunaonekera ma vape otaya atasefukira pamsika pambuyo pa 2020, iliyonse ili ndi batire la lithium lomatiriramo limene limathera kudzala, mpaka Britain inaletsa kugulitsa ma vape otere kuyambira pa 1 June 2025, ndipo European Union inakhazikitsa mu 2023 lamulo lakuti kuyambira mu 2027 mabatire a m'zipangizo zonyamula m'manja azikhala ochotseka.

Poyang'ana pamwamba, vape yothiramo madzi ndi yosintha batire ikufanana ndi kaliwo wa makolo, chifukwa zonse ziwiri ndi zosunga, zodzaza mobwereza ndi zosintha chigawo chowonongeka, ndipo pa nkhani ya zinyalala n'zoona kuti ndi yabwinoko kuposa yotaya. Koma kufananaku kumathera pomwepo. Bango linkamera kudambo, pamene koyilo imachokera ku China kudzera m'masitolo a ku Lusaka ndipo imafuna kusintha pakangopita masabata ochepa. Fodya ankamera kuseri kwa nyumba, pamene madzi a vape amabwera m'botolo limene wosuta sangadziwe za mkati mwake kupatula zimene zalembedwa kunja. Moto unkapalidwa pamafuwa, pamene batire limafuna magetsi kapena sola, m'dera limene mabanja ambiri amatchajitsa foni pamsika ndipo chilala cha 2024 chitaphwetsa nyanja ya Kariba ngakhale a mumzinda ankakhala maola ambiri mumdima. Chomvetsa chisoni n'chakuti zopangira zina zimachokera konkuno: lithium amakumbidwa ku Bikita ku Zimbabwe, cobalt wa m'mabatire ambiri amachokera ku Congo ndi ku Copperbelt, ndipo chikonga chambiri cha m'madziwo chimafinyidwa kuchokera ku tsamba la fodya, koma phindu la kusandutsa zinthuzi kukhala katundu wodula limatsala kutsidya kwa nyanja, monga linkatsalira m'masiku a mabelo a ku Fort Jameson. Batire lochotseka lilinso ndi ngozi yakeyake, pakuti likang'ambika chikutiro, kapena likakhudzana ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo m'thumba, limatha kuphulika n'kuwotcha munthu, ndipo likaponyedwa pamoto wa zinyalala kapena m'chimbudzi, monga anthu azolowera kuchitira ndi mabatire a tochi ndi wailesi, limawononga nthaka ndi madzi.

Pa zaumoyo akatswiri sanafike pa mutu umodzi. Achipatala a ku Britain amavomereza kuti kwa munthu wamkulu amene akusuta kale, kusamukira ku vape kumachepetsa poizoni wochokera ku utsi wa tsamba lopsa, pamene bungwe la WHO, limene limawerengera kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, limachenjeza kuti zonunkhiritsa za zipatso ndi maswiti zikukokera ana ku chikonga, ndipo mbali zonse ziwiri zimagwirizana kuti amene sanasutepo asayambe n'komwe. Chenjezo limeneli likulemera kwambiri m'dera ngati Chinyunyu, kumene achinyamata ndi ochuluka ndipo chilichonse chofika m'masitolo a ku Lusaka chimatha kutsika m'basi tsiku lomwelo, makamakanso chifukwa vape ilibe fungo la utsi limene kale linkaulula mwana kwa makolo ndi aphunzitsi. Malamulo a Zambia okhudza fodya a mu 1992 ndi a mu 2008 analembedwa poganizira ndudu ya tsamba ndi pepala, osati ya koyilo ndi batire. N'chifukwa chake khonsolo ya Rufunsa, mafumu, aphunzitsi ndi azaumoyo akuyenera kuchitapo kanthu malondawa asanakhazikike m'tintemba ta m'mbali mwa msewu: wogulitsa aletsedwe kugulitsa kwa ana, botolo lililonse lionetse mlingo wa chikonga chake, ndipo amene wagulitsa batire akakamizidwe kulilandiranso likatha ntchito.