Magwero a kafukufuku wa Mayne Reid

Thomas Mayne Reid (4 Epulo 1818 – 22 Okutobala 1883) anali mlembi wa mabuku a nthano za maulendo oopsa, nkhondo ndi ulenje. Anabadwira ku Ballyroney, m'chigawo cha County Down ku Ireland, ndipo bambo ake anali mbusa wa mpingo wa Presbyterian. Ngakhale analemba mabuku ochuluka omwe ankagulidwa kwambiri, zolembedwa zodalirika zofotokoza moyo wake ndi zochepa. Zambiri mwa izo zinachokera kwa iye mwini kapena kwa mkazi wake, choncho wofufuza amayenera kuziwerenga mosamala.

Mbiri yolembedwa ndi mkazi wake

Gwero loyamba ndi buku la Elizabeth Reid lotchedwa Mayne Reid: A Memoir of His Life, la mu 1890. Linatulukanso mu 1900, litakulitsidwa mothandizidwa ndi Charles H. Coe, ndi mutu wakuti Captain Mayne Reid: His Life and Adventures. Elizabeth anakwatiwa ndi Reid ali mtsikana wa zaka pafupifupi 15. Zomwe mwamunayo anachita ku America ali mnyamata, iye sanazione. Anangozimva kwa mwini wake, munthu yemwe ankadziwika kuti amakometsera nkhani.

Vuto lalikulu lili pa zaka za 1840 mpaka 1843. N'zodziwika kuti Reid anafika ku New Orleans mu 1840, anaphunzitsako ana ku Nashville, kenaka anayamba kulemba m'manyuzipepala ku Pittsburgh pogwiritsa ntchito dzina lakuti "The Poor Scholar". Koma nkhani zakuti ankachita malonda ndi kusaka nyama pakati pa Amwenye a ku America zilibe umboni wokwanira wochokera kwa anthu ena. Mfundoyi ndi yofunika chifukwa owerenga ambiri ankakhulupirira kuti mabuku ngati The Scalp Hunters (1851) akufotokoza zomwe mlembiyo anaona ndi maso ake. Za usilikali wake umboni ulipo: anamenya nawo nkhondo ya America ndi Mexico m'gulu la asilikali odzipereka a ku New York, ndipo anavulala pantchafu ku Chapultepec pa 13 Seputembala 1847. Buku lake loyamba la nthano, The Rifle Rangers (1850), linachokera pa nkhondo imeneyi.

Kafukufuku wa akatswiri

Buku lomwe ophunzira ambiri amayambirapo ndi Captain Mayne Reid la Joan Steele, losindikizidwa ndi Twayne mu 1978. Ndi lalifupi, koma limayesa kulekanitsa zomwe zili ndi umboni ndi zomwe zinangokambidwa. Albert Johannsen, mu The House of Beadle and Adams (1950), anaikamo mbiri ya Reid komanso mndandanda wa nkhani zake zomwe zinatuluka m'timabuku totchipa ta ku America.

Mindandanda yotere imathandiza chifukwa kuwerenga chiwerengero cha mabuku a Reid n'kovuta. Nkhani imodzi inkatuluka koyamba pang'onopang'ono m'magazini, kenaka ngati buku ku London, kenakanso ku New York ndi mutu wina. Palinso mabuku okhala ndi dzina lake omwe sanawapeke yekha. The Wood Rangers (1860), mwachitsanzo, analimasulira kuchokera m'buku la Chifalansa la Gabriel Ferry.

Magwero ena amapezeka m'kafukufuku wa alembi anzake. Ofufuza za Edgar Allan Poe amamutchula chifukwa awiriwa anadziwana ku Philadelphia, ndipo mu 1869 Reid analemba nkhani yoikira kumbuyo Poe m'magazini yake ya Onward. Ofufuza za zisudzo amayerekeza The Quadroon (1856) ndi sewero la Dion Boucicault lotchedwa The Octoroon (1859), lomwe linatenga zambiri m'bukulo.

Ku Russia ndi ku Poland

Chodabwitsa n'chakuti Reid anaiwalika msanga kwa owerenga Chingerezi, pomwe kum'mawa kwa Ulaya dzina lake linapitiriza kumveka. Ku Soviet Union mabuku ake anasonkhanitsidwa m'mavoliyumu 6 pakati pa 1956 ndi 1958, ndipo mu 1973 kunatuluka filimu yochokera m'buku la The Headless Horseman. Vladimir Nabokov, mu Speak, Memory, anakumbukira mmene ankawerengera buku lomweli ali mwana. Wolemba ndakatulo wa ku Poland, Czesław Miłosz, analemba nkhani yokhudza Reid yomwe ili m'buku la Emperor of the Earth (1977), momwe anaunika kutchuka kwake pakati pa Arasha ndi Apolishi. Mu 2012 Andrei Tanaseichuk anatulutsa mbiri yonse ya Reid m'Chirasha. Motero amene sadziwa Chirasha amaphonya gawo lalikulu la zomwe zalembedwa za mlembi wa Chingereziyu.

Mabuku onena za Africa

Reid analembanso mabuku a achinyamata onena za kummwera kwa Africa, monga The Bush Boys, The Young Yägers ndi The Giraffe Hunters (1867). Iye sanafikeko ku Africa. Ankadalira zolemba za alenje ndi apaulendo a ku Ulaya. Mu The Giraffe Hunters muli mfumu ya Amakololo, mtundu womwe azungu anaudziwa kwambiri kudzera m'zolemba za David Livingstone, ndipo ena mwa anthu ake anadzakhazikika kuchigwa cha Shire m'Malawi. Mabukuwa si umboni wa mmene anthu a mu Africa ankakhalira. Amasonyeza zomwe ana a ku Britain ankauzidwa za Africa atsamunda asanagawane dzikoli, kuphatikizapo mawu onyoza anthu akuda omwe Reid ankalemba mosadodoma, ngakhale m'mabuku ena ankadzudzula ukapolo.

Mabuku ake ambiri amapezeka kwaulere pa Project Gutenberg ndi Internet Archive, pamodzi ndi mbiri yolembedwa ndi Elizabeth Reid.