Tanthauzo la mawu: radar

Mawu akuti radar anayamba ndi asilikali apamadzi a ku America mu 1940. Iwo anadula chiganizo chachingerezi chonena za kupeza chinthu ndi kuyeza kutalika kwa pamene chili pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi. Chipangizo cha radar chimaponya mafunde n'kudikira kuti abwerere akagunda chinthu, monga mmene mleme umapezera njira mumdima.

Akatswiri a zakuthambo amajambulira radar miyala ikuluikulu yozungulira dzuwa, yotchedwa asteroid, ikamadutsa pafupi ndi dziko lathu. Pa telesikopu wamba, mwala wotere umangokhala kadontho kowala. Koma chimbale cha radar cha mamita 70 cha ku Goldstone, m'chigawo cha California, chimaona zambiri. Mafunde ogunda mbali yapafupi ya mwalawo amabwerera msanga, a mbali yakutali amachedwa pang'ono. Mwalawo ukamatembenuka, mbali yobwera ndi mbali yopita zimasintha mafundewo mosiyana. Kompyuta ikaphatikiza zonsezi, chithunzi chimatuluka: zigwa, zitunda, nthawi zina ngakhale kamwala kozungulira mnzake.

Mu 1989, chimbale cha Arecibo ku Puerto Rico chinasonyeza kuti mwala wotchedwa Castalia ndi zibulumwa ziwiri zomatana. Chimbalecho chinagwa mu December 2020, ndipo dziko linataya diso lakuthwa.

Phindu la radar ndi lalikulu. Mu March 2021, radar inatsimikizira kuti mwala wotchedwa Apophis sudzagunda dziko m'zaka 100 zikubwerazi. Mwalawu udzadutsa pa 13 April 2029, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32,000 kuchokera padziko.