Ndalama za Baghdad M'munda wa ku Sweden

Pa 16 July 1999, m'munda wa malo otchedwa Spillings pa chilumba cha Gotland ku Sweden, akatswiri ofufuza zakale ankayenda ndi makina ofufuzira zitsulo pansi pa nthaka. Makinawo atalira, pansi pake panapezeka milu iwiri ya siliva yolemera makilogalamu 67 pamodzi, mudali zibangili ndi ndalama zachitsulo zokwana 14,295. Pafupifupi zonse zidali madirham a mayiko a Chisilamu, olembedwa m'Chiarabu.

Kodi ndalama zimenezi zidafika bwanji kutali chotere?

Khalifa Abdul Malik bin Marwan ndi amene adakonza ndalama zopanda chithunzi cha munthu, zokhala ndi malemba okhaokha: dinar yagolide m'chaka cha 77 Hijri, ndi dirham yasiliva m'chaka cha 79. Pa dirham padali mawu a Shahada, dzina la mzinda umene idasulidwira ndi chaka chake. Mwachitsanzo ya ku Baghdad inkatchula mzindawo kuti Madinatus Salam. Kulemera kwake kudali pafupifupi magalamu 3, ndipo siliva wake adali wodalirika.

Amalonda a kumpoto, amene timawadziwa kuti ma Viking, ankatsika ndi mabwato awo m'mitsinje ya dziko limene lero ndi Russia, makamaka Volga. Ankagulitsa zikopa za ubweya, malupanga, ndiponso, tisabise, akapolo. Iwo sankawerenga Chiarabu. Siliva ankamuyeza pasikelo, ndipo ndalama zambiri ankazikanda ndi mpeni pofuna kutsimikiza kuti si zachinyengo.

Apa ndi pamene pagona phindu la malemba aja. Ndalama yatsopano kwambiri mu chuma cha ku Spillings ndi ya chaka cha 870 kapena 871. Choncho tikudziwa kuti mwini wake sadachikwirire chaka chimenecho chisanafike. Adachibisa pansi pa nyumba, ndipo sadabwererenso kudzachitenga. Pakati pa ndalamazo padapezekanso imodzi yosowa kwambiri, ya ufumu wa Khazar, ya chaka cha 837 kapena 838. Idatengera maonekedwe a dirham, koma idatchula Musa (AS) kuti ndi mtumiki wa Mulungu. Akatswiri amaitenga ngati umboni wakuti atsogoleri a ufumuwo adali atalowa Chiyuda.

Tsono taganizani, abale anga, chuma chimenechi chikadagwa m'manja mwa munthu wofukula usiku mozemba. Zibangili akadazisungunula, ndalama akadazigulitsa imodziimodzi kwa ogula a m'mayiko osiyanasiyana. Siliva akadakhalapobe, koma umboni wonse ukadatha: palibe akadadziwa kuti ndalamazo zidali pamodzi, zidali pati, ndipo zidakwiriridwa liti. N'chifukwa chake malamulo a ku Sweden salola munthu kugwiritsa ntchito makina amenewa popanda chilolezo, ndipo wopeza siliva kapena golide wakale ayenera kudziwitsa boma. Ku Spillings akatswiri adafukula mosamala, boma lidapereka mphotho ya ndalama, ndipo chumacho chikusungidwa m'nyumba ya zinthu zakale mumzinda wa Visby, kumene aliyense angathe kukachiona.

Makina amangolira akamva chitsulo.  Chimene chimapulumutsa mbiri ndi kukhulupirika kwa munthu wogwira makinawo. Wosula ndalama ku Baghdad adalemba chaka ndi mzinda moona, wamalonda wa kumpoto adayeza pasikelo, ndipo patadutsa zaka zoposa 1,100 opeza aja sadabise. Chifukwa cha anthu atatu amenewa, amene sadaonanepo, lero tikudziwa njira ya malonda imene idalumikiza Baghdad ndi nyanja ya Baltic.

Allah ndiye Wodziwa koposa.