Kuchokera pa posita ya pamtengo kufika pa tikiti ya mufoni

Mukaima m'mbali mwa msewu wa M5 pa Chipoka Lachisanu lina m'nyengo yotentha, mvula isanayambe, mumaona magalimoto ondondozana ochokera ku Blantyre, Zomba ndi Balaka, nyimbo zili pokopoko, onse akuthamangira kugombe la Senga Bay. Ena amaima kugula madzi ozizira kapena usipa. Ambiri amangodutsa, ndipo tikiti yolowera kuphwando la zoimbaimba amakhala ali nayo kale mufoni, yogula masabata angapo apitawo ali khale pakhomo pawo. Ife amene tinakulira kuno tikukumbuka nthawi imene tikiti inali kapepala kong'ambidwa m'buku la malisiti.

Chipoka inakula chifukwa cha doko. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935 itadutsa pano, ndipo ndi pano pamene njanjiyo inakumana ndi nyanja. Sitima ya Ilala, yomwe inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, inkakocheza pano. Pamene pali anthu olandira malipiro pakutha pa mwezi, oimba sachedwa kufikapo, ndipo antchito a kudoko, a kunjanji ndi asodzi ankafuna pothera ndalama zawo Loweruka usiku.

Kuitana anthu osangalatsa ena si ntchito yobwera ndi intaneti ayi. Kumudzi, ofuna gule pamwambo ankadzera kwa mfumu, mthenga n'kunyamuka wapansi, ndipo malipiro ankakhala nsima, nkhuku ndi mowa. Chomwe chinasintha zinthu ndi wailesi. MBC itakhazikitsidwa mu 1964, kwa zaka zoposa 30 inali wailesi yokhayo ya dziko lonse, moti woimba akamveka pamenepo ndiye kuti wadziwika kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ku Balaka, pa njanji yomweyi, kunabadwa Alleluya Band mu 1978, mmene munakulira Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, yemwe pambuyo pake anayambitsa Zembani Band.

Ntchito ya pulomota masiku amenewo inali ya miyendo ndi thukuta. Ndikukumbuka mnyamata atakwera pa njinga yoimikidwa kumtengo wa mango pafupi ndi msika, akumata posita ndi phala la ufa wa chinangwa, mnzake atamugwirira chiwongolero kuti asagwe. Madzulo galimoto ya chimkuzamawu inkazungulira kulengeza. Pakhomo ankakudinda chidindo padzanja, ndipo amene analibe ndalama ankasuzumira pa mpanda wa udzu. Oimba ankalandira zawo shoo ikatha, ndalama za pakhomo zikawerengedwa pathebulo, aliyense maso ali pomwepo. Tsiku lina tinadikira bandi ina mpaka pakati pa usiku osafika. Tinadzamva mawa lake kuti lole ya zida inafera panjira. Foni panalibe, ndipo ndalama zathu sitinazionenso.

Maphwando akuluakulu a kunyanja ndi amene anakweza ntchitoyi kukhala ya mu ofesi. Lake of Stars, yomwe Will Jameson wa ku Britain anayambitsa ku Chintheche mu 2004, inabwera ku Senga Bay mu 2008, n'kudzabweranso m'boma la Salima mu 2018 ku Kabumba Hotel. Alendo ochokera ku London ndi Johannesburg sakanakwera ndege popanda tikiti m'manja, choncho kugula pa intaneti kunayambira kwa iwo. Lucius Banda anaona kuti Amalawi nawonso akuyenera kukhala ndi phwando lawolawo pamchenga, ndipo mu 2010 anayambitsa Sand Music Festival. Phwandoli lachitikapo kangapo ku Sunbird Livingstonia Beach, hotela yakale ija yomwe agogo athu ankaidziwa kuti Grand Beach, ndipo linabweretsa oimba ngati Busy Signal wa ku Jamaica ndi Diamond Platnumz wa ku Tanzania. Lucius anatisiya mu Juni 2024, koma njira anailambula.

Kwa Mmalawi wamba khomo linatseguka pamene Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM n'kutsatira mu 2013. Munthu wopanda akaunti kubanki anayamba kutha kulipira ali kutali. Lero amatumiza ndalama, n'kulandira uthenga kapena QR code, ndipo pakhomo amangoonetsa foni n'kuvekedwa chibangiri.

Anthu ambiri amaganiza kuti ogwira ntchito yotereyi amangokhalira kuponya zithunzi pa Facebook. Ayi ndithu, ntchito yake ndi yolemetsa, ndipo ndimawapatsa ulemu. M'mawa amayamba ndi kuyerekeza ndalama zimene zalowa usiku ndi matikiti amene atuluka, chifukwa pamakhala wina amene ndalama yake yadulidwa koma uthenga sunamufike, ndipo akuimba foni mtima uli m'mwamba. Kenako pali kukambirana ndi manijala wa woimba pa WhatsApp: tsiku, dipoziti, chiwerengero cha anthu obwera nawo, malo ogona. Woimba akakhala wakunja pamafunika chilolezo cha ku Immigration ndi ndalama zakunja, zomwe kubanki sizipezeka msanga. Pali COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso lomwe lakhalapo kuyambira mu 1992, ndipo zake ziyenera kulipiridwa. Pali apolisi, jenereta ya pamene magetsi athima, ngakhalenso mphepo: wodziwa nyanja saika siteji pagombe m'miyezi ya mwera. Mwezi wonse wa ntchito umathera m'masiku atatu okha a phwando.

Mavuto nawo sanasowe. Mu Malichi 2020 boma linaletsa misonkhano ya anthu oposa 100 chifukwa cha Covid-19, mashoo n'kuima. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atagwirizana ndi woimba mtengo wa madola anangogwira njakata. Kunabweranso akuba otsegula masamba abodza n'kumagulitsa matikiti a shoo yomwe kulibe. Pulomota wakale uja tinkamudziwa nkhope ndi kwawo komwe. Wa lero ndi nambala ya foni, n'chifukwa chake dzina labwino ndiye mpamba weniweni pa bizinesi imeneyi, ndipo wobweza ndalama shoo ikalephereka ndi amene anthu amabwererako.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zonsezi zikuchitika Chipoka ili duu, kuonerera magalimoto. Doko lathu linazilala, ndipo sitima sizibweranso ngati kale. Komatu nyanja ndi yomweyi, msewu wa tala ulipo, ajenti a Mpamba ndi Airtel Money ali pamsika, ndipo achinyamata oimba ndi ovina kuno ndi ambiri. Mnyamata wogulitsa usipa sangakwanitse tikiti ya phwando la masiku atatu kuhotela, koma ya shoo ya madzulo amodzi pabwalo la kwawo angathe kugula pafoni yake ya mabatani.

Inu okonza mashoo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, polemba ndondomeko ya chilimwe chikubwerachi, ikanimo tsiku limodzi la Chipoka, ndipo woimba woyamba kukwera pasiteji akhale mwana wa konkuno.