Kuyeza Kugwirana kwa Fupa ndi Dzino Loikirira

Dzino loikirira limakhala pa kachitsulo ka titanium kozikidwa m'fupa la nsagwada, njira imene Per-Ingvar Brånemark anayamba kuthandiza nayo odwala ku Gothenburg mu 1965. Asanavekepo dzino, dokotala amayamba watsimikiza kuti fupa lamera n'kugwira kachitsuloko. X-ray imaonetsa ngati fupa la m'mphepete likudyeka. Muyezo wa Albrektsson ndi anzake wa 1986 umalola kudyeka kosafika mamilimita 0.2 pachaka, chaka choyamba chikatha. Koma chithunzi cha X-ray sichinena za kulimba. Apa m'pofunika chipangizo cha Osstell, chimene chimanjenjemeretsa ndi maginito kamsomali komangidwa pa kachitsuloko n'kupereka nambala ya kulimba yotchedwa ISQ, kuyambira 1 mpaka 100. Nambalayi imatha kutsika m'masabata oyamba, fupa lakale likamadyeka latsopano lisanakhwime, choncho kuyeza kamodzi kokha sikokwanira.